Mayinawa Ngaabale Ako?

Lachisanu, 7 Malichi

Ajaji andiimbira okha. Mwana wanga yemweyu, amene chisiyanirane ine ndi mayi ake amangondiyankha "eya" ndi "ayi", akuti mawa ndimuperekeze ku filimu ya zigawenga za m'makomiki. Anzake amugwiritsa fuwa la moto. Ndine tayala la sipeya, ndikudziwa, koma nalonso limayenda. Dzina la Ajaji ndinamupatsa chifukwa cha diso lakelo, akakuyang'ana umadziwa kuti mlandu wagamulidwa kale.

Loweruka, 8 Malichi

Ndazionetsa ukalamba.

Filimuyo ndi ya zigawenga zokhazokha, azitulutsa m'ndende kuti zikagwire mnzawo woziposa nkhanza. Wina akakhudza chitsulo chimachita dzimbiri, mkazi wina amalavula mphenzi, wina sindinamve ntchito yake koma amaseka kwambiri. Phokoso ngati kuchigayo. Ine ndimangodikira mwini filimu. Ndinanong'ona, "Nanga wabwino afika liti?" Ajaji: "Adadi, mulibe wabwino umu. Idyani mbuliwuli."

Pena ndinaseka, ndisaname. Makamaka wadzimbiri uja atatsamira galimoto yomwe amati athawirepo.

Mayina a opanga filimu atangoyamba kukwera ndinadzuka, jekete m'manja, n'kumukoka kuti tisapanikizane pakhomo. Anati tidikire. Ine ndi nzeru zangazi: "Mayinawa ngaabale ako?" Ndinaona ndithu kuti anthu onse angokhala, koma ndinati ndi ulesi wa masiku ano. Njira yonse sanandilankhule.

Lolemba, 10 Malichi

Kasitomala wandiuza ndili mkati momumeta kuti mafilimu amenewa amabisa kachigawo kena kumapeto kwa mayina, ndipo ena amapitira komweko. Pang'onong'ono ndikanamudula khutu. Ndiye mwana wamanidwa pokoma chifukwa bambo ake amathamangira mpando wabwino mu minibasi. Ndili ndi mantha kuti sadzaimbanso.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndatumiza uthenga wopepesa, wautali ngati ulaliki. Yankho: "Chabwino."

Lachisanu, 14 Malichi

Ndapempha apilo. Wavomera kuti tikaonerenso mawa. Akuti, "Koma mukadzukanso, basi."

Loweruka, 15 Malichi

Kachiwiri filimuyi ndi yoipirapo. Zigawenga zimadana m'mawa, masana zayamba kutchulana abale, chifukwa chake osaoneka. Wosekaseka uja ntchito yake sindinaipezebe.

Mayina atayamba ndinagwira mpando ndi manja onse awiri. Anthu anali ochepa lero, mayi wosesa anaima pakhomo ndi tsache lake kutidikira. Mayina kukwera, kukwera, mpaka a ophika tiyi. Ajaji anandiyang'ana m'mene ndaumiramo n'kuseka.

"Adadi, filimuyi ndi yachabechabe, eti?"

"Ndimaopa kunena."

Kenako anayamba. Akuti anzake aja sikuti anangomukana tsiku lija lokha. Anamuchotsa pagulu lawo kalekale, kusukulu amadya yekha kuseri kwa laibulale. Mayi ake sanawauze, akuti angapite kukakalipa kwa ahedi zinthu n'kuipiratu. Mtima unandiwawa, ndipo kamwa langali linali litakonza kale malangizo. Ndinalitseka.

Nyimbo inasiya. Ndinaona kuwala kukusintha patsaya lake, ndinamva chiseko cha chigawenga chija, ndinadziwa kuti kachigawo kaja kafika. Iye anali atatembenukira kwa ine, akufotokozabe za mtsikana amene anayambitsa zonsezi.

Sindinamukodole. Ndinangofunsa kuti mtsikanayo anati chiyani.