Maondo a Tionenji

Kawangware, Nairobi
14 Meyi 2024

Okondedwa achimwene a Jobe,

Ndati okondedwa chifukwa kalata imayamba choncho, koma mtima wanga pa inu uli ndi zina. Ine ndadzuka, miyendo yokhayi ndiyo ikutupa ndi kuzizira kwa kuno. Akundilembera ndi amayi a Bessie, anzanga a kumapemphero a Amalawi, ndipo ndawauza kuti asasalaze mawu ngakhale amodzi. Uthenga wanu wa pafoni ndinaumva. Sindikuyankha pafoni chifukwa mumakamvera nokha kuseri kwa nyumba n'kufufuta. Kalata ino iwerengedwe mbumba yonse ili pomwepo.

Mwati monga mwini mbumba mwalamula kuti Tionenji asiye za bungwe la aphunzitsi, ati akuchititsa manyazi mchimwene wake Kingston. Munamva mbali imodzi n'kuweruza. Kodi malata amene Kingston anakufolererani nyumba anakutsekaninso makutu? Imvani tsono zimene ndinaona ndi maso anga.

Tionenji amaphunzitsa ana aang'ono pa sukulu ya khonsolo ya mzinda kuno ku Kawangware. M'kalasi mwake ana amapanikizana ngati fodya m'belo, buku limodzi amalimbirana gulu lonse, ndipo mvula ikagwa amaphunzira atakweza mapazi pabenchi. Zimbudzi zinadzaza kalekale. Tsono boma lalikulu lati sukulu za mzinda zalephera, lizilanda, ndipo aphunzitsi onse afunsirenso ntchito ngati alendo. Bungwe la aphunzitsi likukana. Likuti tipatseni mabuku, madenga ndi madzi, muone ngati tilephere. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma ndimadziwa kuti ng'ombe ikawonda susintha mbusa usanaipatse msipu. Aphunzitsi a dera lonse lino anasankha mwana wanga, wobadwira ku Nathenje, kuti aziwayankhulira. Inu simunamuyamikepo ngakhale tsiku limodzi.

Kingston amagwira ntchito ku Upper Hill, ku bungwe limene likulangiza boma za kulandako. Kuntchito kwake sadziwa kuti ali ndi mlongo wake mbali inayo, poti Tionenji amadziwika ndi dzina la mwamuna wake wa kuno, a Wanjala. Anandiuza yekha tikudya kunyumba kwake ku Karen, kumene ndinkakhala.

"Amayi, akadziwa andichotsa ntchito. Musamamutchule."

"Ndisatchule mwana amene ndinabereka?"

"Kwa kanthawi chabe, amayi."

Tsiku limene akuluakulu anabwera kudzayendera sukulu ine ndinali komweko, ndinapita kukathandiza kuphika phala la ana. Aphunzitsi anaima pageti ndi zikwangwani, Tionenji patsogolo, akuyankhula Chiswahili ngati anachiyamwira. M'galimoto ina munatsika Kingston atavala suti. Abale awiriwa anali asanaonane chiyambire Khirisimasi. Tionenji anangomuyang'ana ngati mtengo, nayenso chimodzimodzi. Inu mukudziwa mmene malemu amayi anatilerera. Ndinangoyandikira n'kumukumbutsa mwanayo za ulemu.

Amayi a Bessie akuti ndinene mawu enieniwo. Chabwino, lembani. Ndinati, "Iwe, achimwene ako afika, waima njo ngati mlongoti? Ndinakulera ine kapena fisi?" Ndinamukokanso siketi pang'ono. Mwana womvera uja anagwada m'matope n'kupereka moni ndi manja awiri.

Kingston dzanja sanalandire. Anayankhula Chingerezi, akuti dzukani madamu, n'kudutsa. Inenso anandidutsa ngati chitsa.

Achimwene, kuno mkazi sagwadira mlongo wake. Akanandiuza ndani? Wina anajambula, ndipo pofika madzulo chithunzi chinali m'mafoni a aphunzitsi onse, mtsogoleri wawo atagwadira munthu wobwera ndi boma. Pano akumutcha "mwalimu wa magoti", ndiye kuti mphunzitsi wa maondo. Akuti anagulidwa. Mnzake amene ankadya naye mbale imodzi anamulavulira pafupi ndi phazi pokwerera matatu, maminibasi a kuno. Loweruka la sabata yamawa bungwe la aphunzitsi likumana kuti limuchotse pa udindo. Akachoka ndi dzina la wogulidwa, adzaphunzitsa bwanji pakati pa anthu amenewa? Ndipo sukulu zikalandidwa, adzamuima kumbuyo ndani?

Mawu amodzi okha akanamupulumutsa, akuti uyu ndi mchimwene wanga. Koma Tionenji akukana. Akuti, "Amayi, achimwene ali ndi ana kusukulu. Ndikanena, alowera kuti?" Ameneyo ndiye mwana amene inu mukuti ndi wamwano.

Ndinamupeza Kingston pakhonde pake. Ndinati, "Pita ukanene wekha."

Iye anati, "Ndinamutuma ndine kuti agwade?" Ponena zimenezo maso ali pa ine. Kenako anati, "Mwinanso n'zabwino, apumeko ku zokuwakuwa zakezo."

Tsiku lomwelo ndinamanga zovala zanga m'chitenje n'kutuluka pageti wapansi, mlonda akundithamangira kuti ndidikire galimoto. Ku Karen n'kutali, achimwene, msewu wake suonetsa munthu woyenda pansi, koma ndinafika kuno ku Kawangware. Pano ndikugona pabalaza pa Tionenji.

Musaganize kuti ndikupepesa chifukwa chophunzitsa ana ulemu. Ulemu sunalakwe. Analakwa ndi amene anaulandira n'kuuponda. Kungoti Tionenji akamachapa siketi ija, matope osachoka, ine ndimayang'ana kumbali.

Tsono pempho langa ndi ili, ngati ndinudi atsibweni a onse awiri. Muimbireni Kingston, mumulamule apite kumsonkhanoko akanene ndi pakamwa pake kuti amene anamugwadira ndi mlongo wake wa bere limodzi. Akanena yekha, mwina akuntchito kwake amumvera chisoni. Mukapanda kutero, ndipita ine. Amayi a Bessie avomera kukandimasulira. Ndikaima pamaso pa aphunzitsi onse n'kunena kuti awiriwa ndinabereka ndine, wogwada ndi wodutsa yemwe, ndipo amene analamula kuti agwade ndine. Ndikudziwa kuti zoyankhulidwa kumeneko zimafika ku Upper Hill dzuwa lisanalowe. Ndikudziwanso chimene chidzamuonekere Kingston. Ndi chisamba changa ameneyu, ndinamuyamwitsa ndikudya gaga, musandiphunzitse kumumvera chisoni. Koma sindingaone wina akumira kuti wina asanyowe nsapato.

Kalatayi abwera nayo a Vitus, Mmalawi mnzathu wa kuno, pandege mawa, choncho musadzanene kuti inachedwa.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa Lonjezo ndi ana ake, ndiponso kwa a Tumbikani, muwauze kuti munda wanga wa kudimba sindinawapatse, ndinangowabwereka. Tionenji sanapereke moni chifukwa sakudziwa kuti ndalemba, ndipo akanadziwa akanaing'amba kalatayi. Mukamuimbira Kingston, mupemphe kuyankhula ndi adzukulu anga, Pempho ndi Mthunzi. Muwauze kuti agogo sanawathawe iwo. Moni umenewo muwapatse inuyo, chifukwa likadutsa Loweruka limenelo sindikudziwa ngati geti la ku Karen lidzanditsegukiranso.

Ndine mlongo wanu,
Lily Nambewe