Madzi a Jakisoni wa Amayi

Lulimile, Lichinga
14 Julayi 2024

Okondedwa achimwene Estevão,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira kotentha uko. Ife kuno chisanu chatikhazika pansi, koma mtima wanga ndi wokondwa kwambiri: amayi achira. Pafoni paja ndinkangoti ndi chimfine kuopa kuti mungasiye ntchito, koma chinali chibayo.

Namwino wa kuchipatala chathu chaching'ono, a Neide, anawalembera majakisoni a tsiku ndi tsiku. Mankhwalawo ndi ufa, ndipo amausungunula ndi madzi a m'kabotolo kotseka, opanda tizilombo, othiridwamo zoti asawonongeke singano ikaboola chitsekero. Tsiku lina madziwo anatha, a Neide nkuti tidikire galimoto yobweretsa ena masana.

Mukuwadziwa amayi anu. Akutsokomola choncho, anatunga madzi pachitsime chawo, kuwawiritsa, kuwasefa ndi mpango wawo wa kutchalitchi, kuwathira m'botolo, ine nkuwanyamulira botololo kuchipatala ngati mwana wakhanda. A Neide anathokoza, koma anakana. Amayi anangodzuka osatsazika, kunyumba nkulumbira kuti munthu wonyoza madzi awo sawabayanso. Ati ngakhale kumsasa ku Malawi nthawi ya nkhondo, palibe anakanapo madzi a m'manja mwawo. Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinalira, koma iwo anangotembenukira kukhoma, thupi likutentha. Achimwene, ndinachita mantha.

Galimoto itafika, a Neide anabwera okha kunyumba ndi kabotolo katsopano. Sananene za jakisoni. Anakhala pamphasa nkudandaula ludzu, ndipo amayi, poti mlendo samanidwa madzi, anandikodola kuti ndibweretse botolo lija. A Neide anamwa makapu awiri osapuma.

"Mamá, madzi anuwa ndi okoma, ndi a m'mimba," anatero. "Koma magazi ndi amanyazi, amangolandira madzi amene sanaonepo mphepo."

Amayi anatenga kabotolo katsopanoko, kukayang'ana padzuwa, nkunena kuti timadzi tochepa chonchi sitingaphe ludzu la nkhuku. Kenako anagona cham'mbali okha kuti abayidwe. Majakisoni onse anamaliza, ndipo tsopano akuuza aliyense kuti namwino wawo ndi mwana woleredwa bwino.

Mukabwera mudzatenge nsalu yabwino ya a Neide. Mupereke moni kwa alamu Esmeralda ndi ana. Amayi akuti ndisakuuzeni zoti anadwala. Ali panjapa akupeta nyemba zoti akutumizireni, akuimba mosokosa, ndipo ine sindikuwaletsa.

Ndine mlongo wanu,
Alzira