Pepani wa Achimwene a Jasper

Makokoba, Bulawayo
Meyi 1938

Okondedwa alamu a Enelesi,

Muli bwanji kumudziko, inu ndi ana? Kodi chifuwa cha Dorah chinatha? Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwayamba.

Mwamva kale kuti amuna anu, achimwene anga a Jasper, ali m'ndende. Ndikuuzeni mmene zinakhalira.

Kuntchito kwawo chitsulo chinagwera kapitawo wachizungu paphazi. Achimwene sanachikhudze n'komwe, koma anathamangira pomwepo n'kunena kuti pepani. Kukhoti womasulira, amene Chinyanja chake n'chotola m'njira, anauza woweruza kuti munthuyu wapempha chikhululukiro, ndiye kuti wavomera mlandu. Anawalamula kukhala miyezi isanu ndi umodzi.

Lamulungu ndinakawaona. Alamu, aonda. Amagona pasimenti mopanikizana, chidebe chodzithandizira chili chimodzi pakona, nsabwe zili thoo. Masana amaswa miyala.

Ndinapita ndi nzeru ya loya wina: achimwene angokana kuti mawuwo sanawanene, mlandu uunikidwanso ndipo atuluka. Ndinawanong'oneza zimenezi pawaya wotilekanitsa. Anaseka, n'kundifunsa ngati zimenezo n'zimene ndinakaphunzira ku yunivesite. Anati munthu anavulala pamaso pawo, nanga akanati chiyani? Ndinaumirira, ndinatchula inu ndi ana. Koma anati ana awo asadzamve kuti bambo wawo anakana pepani.

Tili pomwepo asilikali anadutsitsa mkaidi wina wochokera kokwapulidwa, msana uli magazi. Akaidi onse amene anali pabwalo anaimirira, Amandebele, Amashona, ngakhale Mlozi wina, n'kunena motsitsa kuti pepani, aliyense ndi lilime lake lopindika. Msilikali wondiyang'anira anati zimenezi anayambitsa ndi achimwene, Mnyasa wathuyu, ndipo alephera kuziletsa chifukwa palibe lamulo loletsa. Ine ndawerenga mabuku ambiri onena za chilungamo, koma sindinaonepo chinthu chotere, ndipo sindikudziwa ngati ndikanatha kuchita zimene achita achimwenewa.

Ndalembera akuluakulu a khoti kupempha kuti Anyasa aziwamasulira ndi anthu odziwadi chinenero chathu, ndipo ndadzipereka ndekha. Mwina sandiyankha. Mukundidziwa, pagulu mawu amandithawa.

Pempho langa ndi ili. Achimwene satuluka msanga, ndipo asankha okha. Ndamva kuti amalume anu akuti musamadikire mkaidi. Chonde adikireni. Awerengereni amalumewo kalatayi, ndipo mukafika pa mawu aja a pepani muwafunse kuti iwo akanati chiyani.

Mundiperekere moni kwa amayi ndi onse a pakhomo. Chauta akufungatireni mpaka amuna anu adzalowe okha pakhomo panu.

Ndine mlamu wanu,
Lemson