Akuchotserani mwana mmodzi

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji? Bondo lija linasiya kuwawa, kapena munapita nalo?

Kuno mvula inachedwa, chimanga cha kumtunda chapserera, koma chinangwa chanu chija chikutisunga. Mdzukulu wanu Agnesi wabereka mwana wamkazi, mphuno yake yanu yeniyeni, ndipo tamupepesa kale. Othawa nkhondo akulowabe pa Chiponde. Mayi wina ndi ana ake tinawapatsa khitchini yanu. Musakwiye, akusesa bwino kuposa ine.

Tsono nkhani yandilembetsa kalata ndi iyi. Loweruka tinavundukula chiliza chanu, simenti yabwino, mtanda wowongoka. Koma pa mbiri yanu imene akatekisiti anawerenga kumandako akuchotserani mwana mmodzi. Inu munabereka asanu, pepala likuti anayi. Analemba ndi Fanuel, mwana wa achemwali anga a Esinati, yemwe uja munkamuzula matekenya. Pano ndi mlembi wa chipani m'dera lino, amayenda ndi zolembera zitatu pathumba la malaya, ziwiri zosalemba. Amene wamufufuta ndi Lukasi wanu, amene anakwera phiri ndi anzake zaka makumi awiri zapitazo osabweranso.

Pepalalo ndinaliona Lachisanu, ndipo ndinamufunsa Fanuel mwaulemu. Anati dzina la chigawenga silitchulidwa pagulu. Ndinati andiuze chigawenga n'chiyani, poti ine sukulu ndinalekera Sitandade 4. Anati ndi munthu wonyamula mfuti popanda chilolezo cha boma. Ndinati ndiye kuti agogo ake aamuna, amene ankaombera anyani ndi gogodela m'munda mwathu, munagona nawo nyumba imodzi zaka makumi anayi osadziwa kuti ndi chigawenga chachikulu. Anasintha, nati ndi amene amaopseza anthu wamba n'kumawawotchera zinthu. Ndinati nanga aja anatiwotchera nkhokwe chaka chimene Lukasi anakwera phiri, ovala yunifolomu ndi jombo, tiziwatchula kuti chiyani? Anasuzumira kukhomo, nati, "Amalume, pakamwa panupa padzatimaliza tonse."

Ndinamuitanira mayi wa m'khitchini uja, amene khutu lake lamanzere linatsala kwawo. Anafotokoza kuti amene anabwera Lolemba anatenga mbuzi, amene anabwera Lachinayi anatenga khutu, ndipo malaya awo anali ofanana. Wailesi imati ena mwa iwo ndi asilikali, ena ndi zigawenga, koma iye sanapeze mpata wowafunsa. Fanuel anati zimenezo ndi za kutsidya, sizikutikhudza. Mwana ameneyu mukanamusiya nawo matekenya aja.

Chimene chikundinyansa si iye yekha, ndi mudzi wonse. Pamene anyamata aja anali kuphiri, anthu omwewa ankawatchula kuti ana athu. Inu munkabisa chinangwa ndi usipa pansi pa mtolo wa nkhuni, ndipo atate akakudzudzulani munkati, "Ine ndimadyetsa mimba, za mbendera sindizidziwa." Amayi angati ankakuwonjezerani ufa panjira? Ndingawatchule mayina. Lero ukangoyamba kuti "Luka...", aliyense amakumbukira kuti wasiya mbuzi m'munda mwa eni ake.

Ndiye Loweruka akatekisiti atafika poti "anabereka ana anayi", ndinaimirira. Ndinapepesa kuti masamu andivuta, andilole ndiwerenge ndi zala. Ndinayamba ndi Esinati, kenaka ine, Maliya, Yohane. Chala chachisanu ndinachiimika kwa nthawi kuti aliyense achione, ndipo ndinati Lukasi. Kwaya inayang'ana pansi yonse. Akatekisiti anayamba kufunafuna nyimbo m'buku atalizondotsa. Ine mumtima ndinali kuvina.

Amene anandigonjetsa ndi a Rozi, mkazi wa Fanuel. Mukukumbuka kuti atate awo anali mesenjala, uja anapezeka atafa pa mlatho ndi njinga yake? Sanakweze mawu. Anabwera pafupi nane nati, "Mwatchula wanu, apongozi. Atate anga anaphedwa ndi a kuphiriwo atanyamula makalata a anthu. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Amene anachita zimenezo mukufuna ndiziwatchula kuti chiyani?" Anatola nsalu yawo n'kumapita.

Amayi, mukundidziwa, ndinaseketsa anthu ngakhale pa maliro a atate. Pamenepo ndinafunafuna nthabwala m'matumba onse, sindinaipeze. Ndinakhala pansi pa manda a munthu wina.

Fanuel sindikumukhululukira. Iye sanafufute dzinalo chifukwa cha misozi ya mkazi wake, anafufuta chifukwa cha mpando. Dzulo anabweretsa yekha kalata yondiitana ku ofesi ku boma Lachinayi, akuti ndi nkhani yaing'ono. Ndinamuuza akhale adye, anakana. Ndinamuuza kuti akadzafa ndidzalemba ndine mbiri yake, ndipo ndidzati anabadwa yekha ngati bowa. Achemwali a Esinati sakundiyankhula, akuti ndaitanira galimoto ya apolisi pakhomo.

Ndili ndi pempho limodzi. Ngati Lukasi ali kumeneko, ndipo ndikukhulupirira anafika kale inu musanafike, mukhazikeni pansi mumufunse ngati analipo pa mlatho tsiku lija. Kwa inu sanganame. Ngati analipo, mukudziwa pomwe mumagwira khutu. Mukatero mupite naye kwa amesenjala aja, poti nawonso ali komweko.

Ine Lachinayi ndipita, ndipo ndikulonjeza izi. Akandifunsa kuti munabereka ana angati, ndidzati asanu, ngakhale afunse mpaka mawa lake. Akandifunsa ngati Lukasi anali chigawenga, ndidzati sindikudziwa. Mwina limenelo lidzakhala yankho loona loyamba kulowa mu ofesi imeneyo.

Ndine mwana wanu wachiwiri mwa asanu, wosamva uja, wokukondani,

Benjamini