Mpanda wa Padooko

Okondedwa Achimwene,

Landirani moni wochokera kuno kwa Kasisi. Ife tilipo, ndipo chifuwa cha amayi chija chayamba kupepuka. Kaya inu ku Halaleko muli bwanji?

Paja munakondwera mutamva kuti Boma lapatsa mafumu athu bwalo lawolawo loti aziyendetsa za m'midzi. Imvani tsono. Madzi osefukira anakokolola mpanda uja wotchinga ng'ona padooko potungira madzi. Tinakadandaula kubwaloko. Mafumu anatha tsiku lathunthu akukangana kuti mitengo adule ndi mudzi uti, poti dookolo lili m'malire a midzi iwiri. Amalume athu, amene tsopano ali m'bwalomo, anangoti, "Nkhaniyi njaikulu, tidzaikambanso mwezi ukaoneka."

Ng'ona sinadikire mwezi. Inavuuka n'kuphwanya mtsuko m'manja mwa mwana wanu Esitere, moti anangopulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Alamu, akazi anu, sanapitenso kwa mfumu iliyonse. Ananyamula nkhwangwa yanu, namema akazi a midzi yonse iwiri, ndipo pomwe dzuwa limapendeka mpanda unali chilili.

Dzulo kunabwera mthenga. Akuti bwalo likufuna alamu akayankhe mlandu womanga mpanda popanda chilolezo chake! Ine ndinafunsa amalume kuti, "Nanga ng'onayo mwaiitanitsa liti?" Mpaka lero sakundiyankhula.

Chonde alembereni amalumewo, inu amakumverani. Mutitumizirenso nkhwangwa ina, pakuti yanu ija bwalo lalanda, akuti ndi umboni.

Mulungu akusungeni kumeneko, ndipo mafumu athu awapatseko changu, ngakhale theka chabe la changu cha ng'ona.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane