Dzina la ababa lipita pa intaneti

Lachisanu, 16 Okutobala

Lero kunatentha zedi, koma mtima wanga wapepuka. Achimwene abwera kuchokera ku Dwangwa ndi mapepala anayi amene asindikiza kuofesi kwawo. Akuti ndi macheza a Amalawi okhala kunja, a pa intaneti. Wina akunyoza nduna, wina akuseka nyimbo zamakonozi, wina akulumbira kuti posachedwa aliyense aziyenda ndi foni m'thumba. Chandidabwitsa n'chakuti aliyense walemba dzina lake pansi.

Ababa atabwera kuchokera ku mzikiti anati ndiwawerengere. Nditangotchula za nduna, anadzuka n'kukatseka zenera, monga ankachitira kale tikamamvera wailesi yakunja. Ndinaseka, kenako ndinachita manyazi. Kale lija, mng'ono wawo anatengedwa ndi apolisi chifukwa cha kalata chabe, ndipo sanabwerenso.

"Wonyoza ndunayu anamumanga?" anafunsa ababa.

"Ayi ababa, walembanso dzulo lomweli," anayankha achimwene.

Ababa anandiyang'ana. "Tenga cholembera. Uwauze kuti iwo akulongolola za mafoni pomwe mpunga wathu ukungokhala m'matumba ku Mwadzama, magalimoto akuopa msewu."

Ndinalemba, n'kufunsa ngati tiikepo dzina longopeka.

"Ika langa lonse, ndi la mudzi lomwe."

Achimwene akatumiza Lolemba. Kunena zoona, mantha anandigwira polemba dzinalo, ndipo sanandithere. Koma popitanso ku mzikiti kukaswali masana ano, ababa atsegula okha zenera lija, ndipo mpaka pano palibe amene walitseka.