Thirakitala Ikubwera Pomwe Mwagona

Amayi, kodi kumeneko kuseri kwa chulu mukudzuka bwanji? Kuno tili moyo. Ine mwana wanu Dyisoni ndanenepa moti njinga ikangondiona imayamba kulira ndisanaikwere. Musaseke. Mukudziwa kuti ine sindinama, ndimangothira kamchere.

Ndiyambe ndi yokoma. Mpongozi wanu Nabanda wachira, mwana wamkazi. Kulira kwake, akayamba kuno ku Kapelula anthu a ku Mtunthama amatseka mawindo. Abale ake a Nabanda akuti wafanana ndi agogo awo. Ine ndimangoti eya, poti mkamwini satsutsa pakhomo pa eni. Koma mphuno ndi yanu, Amayi, yotambalala ija. Ndikamuyang'ana ndimaona ngati andifunsa ngati ndasamba.

Fodya chaka chino ndinalima pamunda wa apongozi, masamba ake ngati zitseko, limodzi lokha kufolera chigafa chonse. Ku okushoni anamugula ngati masamba a mbatata. Zimenezo si zachilendo kwa inu. Chimanga chilipo, tifika nacho ku mvula.

Tsopano ndikanati khalani pansi, koma munagona kale.

Esiteti ija munagwirako utenanti kuyambira ine ndili kumsana yagulitsidwa. Mwini watsopano ndi wa m'tauni, sitinamuonepo nkhope. Wadula mabulugama onse, ndipo kapitawo wake wakhoma zikhomo kuzungulira malo oti thirakitala igaule mvula isanagwe. Chulu chanu chili mkati mwa zikhomozo. Ndinapita kukamuuza kapitawoyo kuti pamenepo pagona anthu. Anayang'ana uku ndi uku, nkuti, "Manda ake ati, achimwene? Ine ndikuona tchire. Manda amakhala ndi eni ake." Pagona inu, pagona a Makwinja aja ankaimba posoka fodya, pagona makanda a matenanti oti mayina awo ndinaiwala, iye akuona tchire.

Za maliro anu sindinakuuzeni bwino, poti inu munali m'bokosi. Titapempha malo kumanda a m'mudzi anatiyankha kuti manda ndi a eni nthaka, obwera akagone kwawo. Adzukulu a m'mudzi anakana kugwira khasu. Amayi aja munkatunga nawo madzi pamjigo, ena munawagonera pa maliro a amuna awo, anaima patali manja ali kumbuyo. Tinakumba tokha ndi matenanti anzanu, ndipo ine, mwana wanu wobereka, ndinalowa m'dzenje la mayi anga, chinthu choti munthu sachita. Ndinakumba lakuya, ndinatsala pang'ono kutulukira ku Mozambiki. Chiliza a pa esiteti anatiletsa, akuti nthaka ndi ya bwana. Nchifukwa chake lero mukutchedwa tchire.

Sindinakhale chete ayi. Ndinavala jekete langa lija limaimitsa msika, nkupita kwa a Phiri, amalume ake a Nabanda, eni mbumba. Ndi munthu wofatsa, mkulu wa mpingo, timakhala benchi limodzi Lamulungu. Ndinawapempha kuti tikusamutseni mukagone kumanda a kwawo, poti mdzukulu wanu ndi mwana wa mudzi womwewo. Anandipatsa mpando, anandipatsa thobwa. Kenako anati, "Akamwini, inu ndinu munthu wabwino, ife tinasiya kale kukuonani ngati Mnguru. Koma mafupa a Anguru m'manda mwathu, makolo tikawayankha chiyani?" Iwo ankaona ngati akundiyamikira. Ndinamwa thobwalo mpaka pansi pa chikho, ndinathokoza, ndinasekanso. Munkanena inu kuti wobwera amaseka nthabwala ngakhale yonena iye yemwe. Tsiku limenelo ndinaseka mpaka masaya kuwawa.

Nditachoka apo ndinakwera basi ya ku Phalombe, kwanu kuja munkakutchula monong'ona. Ulendo wake, Amayi, ndinanyamuka wometa ndinakafika ndi ndevu. Abale anu ndinawapeza. Nkhalamba ina, akuti msuweni wanu, inandilonjera m'Chilomwe, ine nkuyankha m'Chichewa. Ana anagwa nacho chiseko, amvekere, "Mchewa wa ku fodya uyu!" Nditafotokoza chomwe ndabwerera, nkhalambayo inagwedeza mutu nkuti, "Malo kuno anatha, amoyo akulimbirana mzere umodzi. Amene anapita ku fodya anapita." Ndiye onani ukulu wa mwana wanu. Kuno ndine Mnguru, uko ndine Mchewa. Mitundu iwiri yathunthu ikupatsirana ine ngati mbale yotentha.

Apa ndikudandauleni pang'ono. Chilomwe simunandiphunzitse dala. Ndikakufunsani mawu amodzi munkati, "Iwe, chilankhulo chimenechi chimabweza ndowa kumbuyo kwa mzere pamjigo." Kalongonda munkaphika chitseko chili chotseka, kuopa kuti aziti Anguru akuphika njoka. Munkafuna kuti ine ndidutse pakati pa anthu osalozedwa chala, ndikumvetsa. Koma masiku anu omaliza aja, Chichewa chinakuthawani. Munkalankhula Chilomwe chokhachokha mutandigwira dzanja, maso ali pa ine. Ine ndinkangoti eya Amayi, eya Amayi. Mpaka lero sindidziwa chomwe ndinavomera. Mwina munkati ndikakuikeni kwanu. Mwina munkangofuna madzi.

Ndiye ndachita chinthu choti mukanakhala ndi moyo mukanandithamangitsa ndi mthiko. Tsiku la ukwati wanga munavina mukunena kuti mwana wanu watuluka mu utenanti, asadzabwererenso ngakhale kukapala moto. Amayi, ndabwerera. Ndinapitanso kwa kapitawo uja nkumuuza kuti ndikufuna utenanti, koma andipatse ndime ya kuchulu, ija ya miyala ndi chiswe imene aliyense akuikana. Ndinamuopseza kuti pamenepo thirakitala ikathyoka mano, abwana adzamudula malipiro mpaka adzukulu ake, koma ine ndi khasu langa ndimaswa mwala ngati dzungu. Anaseka nkuti, "Anguru inu, ntchito yokha ndiye mumaitha." Walola. Thirakitala izikhotera kumsewu.

Nabanda analira. Akuti mwana wake sakagona m'chisakasa cha matenanti, ndipo sindikumuimba mlandu, ine ndinakuliramo ndikudziwa mmene mumadonthera. Atsala kwawo ndi mwana, ine ndizikawaona Lamulungu. Abale ake ayamba kale kunena kuti magazi a utenanti satha, ngakhale uwasambitse ndi sopo. Anene. Ndibwerera kukadya phoso loyezedwa m'chitini, kuthirira nazale ya munthu wina, kusoka fodya woti dzina langa silidzalembedwa pabelo lake. Ndikudziwa zonsezo, ndinaphunzira kwa katswiri, inu.

Sindikukunamizani kuti nkhani yatha. Tenanti amathamangitsidwa tsiku lililonse, chifukwa cha tsamba limodzi lowola. Kapitawo adzabwera kudzayendera mizere, ndipo akadzaona malo osalimidwa pakati pa ndime adzafunsa. Ndidzamuuza kuti pali chiswe choluma ngati agalu, chinadya kale mpini wa khasu langa ndi nsapato imodzi. Akakhulupirira chaka chino, chaka chamawa ndidzapeka lina. Mabodza ndili nawo odzaza nkhokwe, munkadandaula nawo inu nomwe, lero agwire ntchito.

Choncho mvula yoyamba ikagwa, mukamva khasu likugunda pafupi ndi kumutu kwanu, musadzidzimuke. Ndine. Ndizilima mozungulira inu, mozungulira a Makwinja, mozungulira tiana tija. Muwauze onse agone. Manja awa akadali anga, mzere wa fodya sudzadutsa pa chifuwa chanu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Dyisoni